Za Mawu a Chingerezi Onena za Ntchito

Pamene akonzi a magazini yathu ino anandipempha kuti ndilembepo kanthu kothandiza pa maphunziro, ndinayamba ndakana, pakuti m'kalasi mwathu alimo ambiri odziwa Chingerezi koposa ine. Koma nditalingalira bwino ndinaona kuti munthu amene anagwapo m'dzenje ndiye adziwa pamene pali dzenjelo. Ine ndagwamo kawiri m'dzenje limodzi, ndipo dzenje lake ndi mawu awa a Chingerezi: work, job, task, duty ndi labour. Ife tikafuna kumasulira mawu onsewa timangoti "ntchito", ndipo sitilakwa kwenikweni. Vuto lifika pamene tichoka ku Chichewa kunka ku Chingerezi, chifukwa njira imodzi ija yagawikana pasanu, ndipo sitidziwa yolowera.

Musayese kuti iyi ndi nkhani yaing'ono. Tonse tidziwa kuti munthu salandira satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, angakhale atakhoza masamu bwino lomwe. Ndiponso tikadzatuluka pa geti la sukulu ino, kalata yoyamba imene ambiri a ife tidzalemba idzakhala yopempha ntchito, ndipo woiwerenga adzayamba kutiyesa ndi mzere woyamba.

Kugwa kwanga koyamba kunali pa tchuthi cha chaka chatha. Achimwene anga, amene analekera mu Sitandade 8 popeza sanasankhidwe kunka ku sekondale, anamva kuti kampani ina ikufuna alonda. Tsono anandiitana nati, "Iwe mng'ono wanga, paja ndiwe wa ku sekondale. Tandilembera kalata ya Chizungu, yoti akangoiona adziwe kuti kwathu kuno kuli ophunzira." Ndinakhala pa khonde modzitukumula, ndi kulemba kuti: I am looking for a work. I am ready to do any works you give me. Achimwene anakondwa ndithu. Koma amayi anati tisafulumire kuitumiza, tiyambe taionetsa kwa agogo ena a m'mudzi mwathu, amene anaphunzitsa sukulu zaka zambiri napuma. Agogowo anavala mandala awo, nawerenga, nakhala chete kanthawi. Kenaka anandifunsa kuti, "Mwana wanga, ukapita kunyanja kukatunga, umabwerako ndi madzi angati?" Ine ndinati, "Madzi sawerengeka, agogo, timawerenga ndowa." Iwo anati, "Wayankha bwino. Tsono dziwa kuti work ndiwo madzi, job ndiyo ndowa." Manyazi amene ndinachita pamaso pa achimwene tsiku limenelo sindidzawaiwala msanga.

Phunziro lake ndi ili. Liwu loti work, likamatanthauza ntchito, siliwerengeka. Chotero sililandira a patsogolo pake, ndipo sililandira s kumapeto kwake. Liwu loti job limawerengeka, ndipo lilandira zonse ziwiri. Munthu anganene kuti I am looking for work, kapena I am looking for a job, ndipo ziganizo ziwirizi nzabwino. Koma a work ndiye ayi. Timati much work, koma many jobs. Lamulo lomweli ligwiranso pa homework ndi housework. Ndamva kangapo m'kalasi mwathu wina akudandaula kuti we have three homeworks. Kumeneko ndi kunena kuti watunga madzi atatu. Anene kuti a lot of homework, kapena ngati afunitsitsa kuwerenga, anene kuti three pieces of homework. Chinanso, work ndi dzina komanso ndi mneni, kotero tinganene kuti my father works at the harbour. Koma job timaligwiritsa ntchito monga dzina basi. Munthu akachoka panyumba m'mawa timati he has gone to work, osati to job.

Wina adzandifunsa kuti, nanga bwanji timaona works m'mabuku? Inde lilipo, koma pamenepo tanthauzo lasintha. Tikati the works of Shakespeare tikunena zimene iye analemba, zimene zingawerengeke chimodzichimodzi. Tikati public works tikunena misewu, milatho ndi nyumba zimene boma limanga, monga mlatho wa pa mtsinje wa Bua umene timawoloka ponka ku Dwangwa. M'nthawi ya atsamunda nthambi yoyang'anira zimenezi inali Public Works Department, ndipo akuluakulu ena akumbukirabe dzina loti PWD. Koma mwa matanthauzo awiriwa palibe limene achimwene anga ankafuna.

Tsopano tisiye za a ndi s, tione za m'kati mwa mawuwo, pakuti apa ndi pamene ine ndili ndi dandaulo ndi anzanga ena. Job ndi malo amene munthu walembedwapo, pamene pali womulemba, pali nthawi yoyambira ndi yowerukira, ndipo pali malipiro pa mapeto a sabata kapena a mwezi. Work ndi kugwiritsa ntchito mphamvu kapena nzeru pofuna kuti kanthu kachitike, kaya pali malipiro kaya palibe. Tsiku lina aphunzitsi anatifunsa mmodzimmodzi za makolo athu, ndipo anyamata oposa theka anayankha kuti my mother does not work. Ine ndinayankhanso chimodzimodzi, koma lero ndiona kuti tinawanamizira amayi athu. Amayi anga adzuka tambala woyamba, napita ku munda wa mpunga. Pobwerako azula chinangwa, nachisenda, nachiviika, nachiyanika, kufikira chitasanduka ufa wa kondowole amene ine ndimadya osafunsa kumene wachokera. Madzulo ali kugombe kuyanika usipa pa thandala. Kodi munthu wotere tinganene kuti sagwira work? Chimene alibe ndi job, pakuti palibe wowalemba kapena wowalipira pa mwezi. Chiganizo choona ndi ichi: my mother has no job, but she works very hard. Kapenanso bwino koposa, she is a farmer.

Job lili ndi tanthauzo lina laling'ono, ndilo ntchito imodzi yooneka malire ake, monga kusoka ukonde wong'ambika kapena kumata bwato lodontha. Mmisiri akatsiriza bwino amamuuza kuti you have done a good job. Ntchito zing'onozing'ono zimene munthu apeza apa ndi apo amazitcha odd jobs, ndipo zimenezi ziyandikana ndi ganyu wathu, ngakhale kuti kuno tizolowera kunena kuti piecework. Ndingowonjezapo kachinthu kamodzi kwa ang'ono athu a Fomu 1 amene amawerenga mawu pa mapemphero a m'mawa: buku la Yobu m'Chingerezi lilembedwa Job, zilembo zomwezo, koma o wake amatchulidwa motalika monga mu robe. Mnyamata wina anatiwerengera chaka chino motchula ngati akunena za ntchito, ndipo a Fomu 4 anaseka kufikira aphunzitsi anawadzudzula.

Kugwa kwanga kwachiwiri kunali koopsa kuposa koyamba, ndipo sindikunena mokondwa. Pa chitseko cha hositelo yathu pali pepala lolembedwa duty roster, losonyeza amene ayang'anire hositelo sabata iliyonse. Teremu yoyamba ya chaka chino inafika sabata yanga. Zochita zake zinalembedwa bwinobwino: kuona kuti osesa asesa, kuwerenga anyamata nthawi yogona, kulemba chiwerengero m'buku, ndi kuzimitsa magetsi. Lachitatu madzulo ndinapeza mnyamata wina wa Fomu 1 atagona kale, atadzifundika bulangeti mutu womwe, ngakhale kunali kotentha monga mudziwira kutentha kwa kunyanja kuno. Anzake anandiuza kuti sanadye nsima ndipo sanapite kokawerenga madzulo. Ine ndinangomuwerenga pamodzi ndi enawo, ndi kulemba kuti onse alipo, ndi kuzimitsa magetsi, ndi kukagona mtima uli phee, poganiza kuti ndatha zonse zolembedwa pa pepala lija. Pakati pa usiku anatidzutsa ndi kubwebweta kwake. Thupi linali ngati moto. Tinathamanga kukagogoda kwa aphunzitsi oyang'anira ogonera, ndipo anamutengera kuchipatala usiku womwewo. Anali malungo aakulu. Mnyamatayo anachira, ndipo lero ndimamuona akusewera mpira. Koma anagonekedwa masiku anayi, ndipo akanathandizidwa madzulo aja sakanafika pamenepo.

M'mawa mwake aphunzitsi anandiitana. Ine ndinanyamula buku lija kuti likandichitire umboni, ndipo ndinati, "Aphunzitsi, zonse zolembedwa ndinachita." Iwo sanandikalipire. Anangoti, "Ndaona. Ma task ako onse unatha, sunasiyepo ndi imodzi yomwe. Koma pa pepala paja sitinalembe kuti task roster. Iwe unali on duty. Kodi tinakuuza kuwerenga anyamata chifukwa chofuna nambala?" Ndinasowa choyankha.

Kuyambira tsiku limenelo ndinafufuza mawu awiriwa m'dikishonale yaikulu ya mu laibulale, ndipo ndinapeza izi. Task ndi ntchito imene munthu wapatsidwa, yokhala ndi poyambira ndi pothera. Liwu lathu loyandikana nalo kwambiri ndi ndime. Mwini munda akalemba aganyu amawapimira ndime, ndipo munthu akalima kufika pa chikhomo atukula khasu lake napita. Za m'ndime ya mnzake sizimukhudza. Masamu khumi amene aphunzitsi atipatsa ndi task. Kuwerenga anyamata kunali task. Koma duty ndi udindo. Liwuli linachokera ku liwu loti due, limene litanthauza chinthu chimene munthu ayenera kupereka, monga ngongole. Chotero duty ndi chimene uli nacho mangawa kwa anthu ena chifukwa cha malo amene waimapo, kaya ndiwe mwana, kaya ndiwe kholo, kaya ndiwe woyang'anira hositelo kwa sabata imodzi. Task imatha ukafika pa chikhomo, koma duty siitha kufikira wina atakulandira. Nchifukwa chake timati namwino ali on duty usiku wonse, angakhale pa ola limene palibe wodwala womuitana. Chimodzimodzinso mlonda wa nyama m'nkhalango ya Nkhotakota, kapena woyendetsa Ilala pamene sitimayo ili pakati pa nyanja ndipo mwera wadzuka. Akalandiridwa ndi mnzake ndiye timati ali off duty.

Popeza duty ndi chinthu choyenera kuperekedwa, musadabwe kuona liwu lomweli likutanthauzanso msonkho. Wamalonda wolowetsa katundu pa chipata cha Songwe kapena cha Mchinji amalipira customs duty. Ndinadabwanso kupeza kuti task ndi tax ndi mawu apachibale, ochokera ku tsinde limodzi la Chilatini. Tikaliika mochulukitsa, duties, nthawi zambiri tikunena mndandanda wa zimene munthu wolembedwa ntchito ayenera kuchita. Mukadzalandira kalata yokulembani ntchito mudzapezamo mawu oti your duties will include. Pali mnzake wina wa duty, ndiye responsibility. Ameneyu ndi wachibale wa respond, kuyankha, ndipo asonyeza amene adzayankhe zinthu zikalakwika. Usiku uja woyankha ndinali ine.

Za chore ndi errand sindichulukitsa mawu. Chores ndi tintchito ta pakhomo tobwerezabwereza tsiku ndi tsiku, monga kusesa, kutsuka mbale ndi kutunga madzi. Errand ndi kutumidwa, monga amayi akakutuma ku msika kukagula mchere. Timati to run an errand, ngakhale wotumidwayo ayende pang'onopang'ono monga achitira mng'ono wanga.

Latsala ndi labour, ndipo limeneli ndi liwu lolemera. Poyamba litanthauza ntchito ya thukuta, yotopetsa thupi, monga kukoka khoka kapena kudula nzimbe. Woweruza milandu akati imprisonment with hard labour ndiye kuti munthuyo akagwira ntchito yakalavulagaga kundende. Kuchipatala mudzaona chitseko cholembedwa labour ward, kumene amayi amachirira. Azungu anaona kuti palibe ntchito ya thupi yoposa imeneyo, ndipo pamenepa ine ndigwirizana nawo. Pa 1 Meyi timapuma chifukwa ndi Labour Day, tsiku lokumbukira anthu apantchito. Polemba mayeso tisaiwale u, pakuti ife titsata kalembedwe ka ku Britain. Labor wopanda u ndi wa ku America.

Koma labour lili ndi tanthauzo lachiwiri limene ife a dziko lino tiyenera kulimvetsa bwino. Limatanthauzanso anthu ogwira ntchitowo, onse pamodzi, osawerengedwa mmodzimmodzi. Bwana akati we need more labour sakunena za munthu wakutiwakuti wokhala ndi dzina ndi mudzi; akunena za manja ndi misana. Agogo anga aamuna anapita ku Joni ali mnyamata, pa ulendo wa Wenela. Dzina loti Wenela linachokera ku zilembo za Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene linkalemba anthu a maiko ano kukakumba golide ku migodi ya ku South Africa. Onani kuti m'dzinalo mulibe job, mulibe work, muli labour. Agogo amati kumeneko munthu ankadziwika ndi nambala yake koposa dzina lake. Kulemba anthu kwa Wenela m'Malawi kunaimitsidwa ndi Dr Kamuzu Banda mu 1974, ndege yonyamula Amalawi obwerera ku migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana. Mukamawerenga mabuku a mbiri mudzakumana ndi migrant labour, cheap labour, forced labour ndi slave labour. Lotsirizali sitifunika kulifunira kutali, pakuti mzinda wathu uno wa Nkhotakota unali doko lalikulu la akapolo m'nthawi ya mafumu otchedwa Jumbe, kuyambira cha m'ma 1840. David Livingstone anafika kuno koyamba mu 1861 naona malondawo ndi maso ake.

Pali liwu lathu limodzi limene mbiri yake isonyeza kuti kusokoneza mawu onena za ntchito si masewera a m'kalasi okha. Liwulo ndi thangata. Kuthangata ndiko kuthandiza, ndipo kale munthu ankathangata mfumu yake kapena mnansi wake pa munda, podziwa kuti nayenso adzathangatidwa. Chimenecho m'Chingerezi chikanayandikana ndi duty, udindo wa pakati pa anthu okhalira limodzi. Koma Azungu atatenga malo aakulu ku mapiri a Shire, monga ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, anatenga liwu lomweli nalipatsa ntchito ina. Munthu wokhala pa malo a esiteti anayenera kugwirira mwini esitetiyo ntchito m'malo mwa kulipira lendi, ndipo nthawi zambiri ankaitanidwa m'nyengo ya dzinja, pamene munda wake womwe ukufuna khasu. Dzina linakhala lomwe lija la kuthandizana, koma chinthucho chinasanduka forced labour. Nkhanza za thangata pa esiteti ya ku Magomero zinali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira mu Januwale 1915, ndipo thangata sanathetsedwe mwa lamulo kufikira 1962. Lero munthu akati "imeneyi ndi thangata" palibe amene amva za kuthandizana; tonse timva za ntchito yopanda malipiro. Mukakumana ndi funso limeneli pa mayeso a mbiri, musalembe kuti thangata was a job, pakuti munthu sankaifunsira ndipo sakanatha kuisiya popanda kuchotsedwa pa malo. Ndiponso musalembe kuti it was a duty popanda kufotokoza amene anaika udindowo ndi mphamvu imene anauikira.

Mwina wina wayamba kuganiza kuti Chichewa nchosauka, popeza chili ndi liwu limodzi pamene Chingerezi chili ndi asanu. Ine sinditero. Tawerengani amene ndatchula kale m'nkhani ino: ntchito, ganyu, ndime, udindo, thangata. Kungoti malire a mawu athu sagwera pamodzi ndi malire a mawu awo, monga minda iwiri yoyandikana imene mizere yake siyang'ana kumodzi. Chotero njira imene ine ndimatsata tsopano, ndisanalembe, ndiyo kudzifunsa m'Chichewa momwemo kuti ntchito imene ndikunenayi ndi yotani: kodi ndi yolembedwa ndi yolipidwa, kodi ndi ndime yopimidwa, kodi ndi udindo, kapena ndi thukuta chabe? Ndikayankha funso limenelo liwu la Chingerezi limabwera lokha. Kalata ya achimwene ija tinailembanso ndi agogo aja, ndipo inayamba ndi mawu oti I wish to apply for the job of watchman. Agogo anati post likanakhalanso bwino pamenepo, pakuti ndilo liwu laulemu la m'makalata.

Ndipo alipo mawu athu ena amene Chingerezi chilephera. Kwathu munthu ntchito ikamukulira, monga kupalira munda waukulu kapena kukolola mpunga, amaphika thobwa kapena mowa naitana anansi, ndipo onse amagwira tsiku limodzi akuimba, namwa pamodzi atatsiriza. Imeneyi timaitcha dima. Si job, pakuti palibe wolembedwa. Si ganyu, pakuti thobwalo si malipiro. Si duty kwenikweni, pakuti wosabwera samangidwa, ngakhale kuti tsiku lake likadzafika adzalima yekha. Ndinafunsa aphunzitsi athu a Chingerezi, ndipo anati mabuku amalemba communal labour kapena work party. Loyambalo sindilikonda, chifukwa labour lindikumbutsa Wenela ndi thangata, pamene pa dima anthu amapita okha ndi chimwemwe; lachiwirilo limveka ngati phwando la mu ofesi. Ngati alipo wina, mphunzitsi kapena mnzanga wa fomu iliyonse, amene adziwa liwu labwino koposa awa, chonde alipereke kwa akonzi kuti alisindikize m'magazini ya teremu ya mawa.